Mmene mungalumikizire zipangizo zothandizira kumva ku kabokosi kotumiza mawu a TV popanda waya

Anthu ambiri amene amavala zipangizo zothandizira kumva amadandaula chinthu chimodzi chofanana, chakuti akamacheza ndi munthu maso ndi maso amamva bwino ndithu, koma ikakwana nthawi ya nkhani pa TV mawu amangomveka ngati phokoso lopanda mutu. Timaikolofoni ta pa zipangizozi timatola bwino mawu ochokera pafupi, pamene mawu a TV amayenda chipinda chonse, kugunda makoma, simenti ya pansi ndi denga, n'kudzafika kukhutu atasakanikirana kale ndi kulira kwa mbale kukhitchini komanso macheza a ana. Kukweza voliyumu kumangokulitsa chisokonezo chomwecho. Apabanja amayamba kudandaula kuti TV ikusokosa, ndipo bambo kapena agogo amene ali ndi vutolo, posafuna kuvutitsa anzawo, amayamba kukagona msanga kapena kukhala phee ngati akutsatira pamene sakumva kanthu.

Kabokosi kotumiza mawu kanapangidwira vuto limeneli. Kamatenga mawu kuchokera mu TV kudzera pa chingwe chachifupi, kenaka n'kuwatumiza mumlengalenga pa mafunde a 2.4 GHz molunjika ku zipangizo za m'makutu, kotero kuti wovalayo amamva mawu oyera pa mlingo wakewake, ena onse m'chipindamo akumvetsera pa voliyumu yawo ya masiku onse. Ntchito yolumikiza si yaikulu, koma imafuna kuichita mwa ndondomeko yake: kutsimikiza kuti kabokosi ndi zipangizo n'zogwirizana, kulowetsa mawu a TV m'kabokosi, ndipo pomaliza penipeni kudziwanitsa kabokosiko ndi zipangizozo. Ambiri amathamangira gawo lomalizali, ndipo zikakanika amaganiza kuti zipangizo zawo zawonongeka, chonsecho vuto lili kuseri kwa TV.

Musanagule kanthu, dziwani dzina lenileni la zipangizo zanu

Makampani opanga zipangizo zothandizira kumva amapanganso timabokosi tawotawo, ndipo kabokosi ka kampani ina sikagwira ntchito ndi zipangizo za kampani ina. Phonak ili ndi TV Connector, Oticon ili ndi TV Adapter 3.0, ReSound ili ndi TV Streamer 2, ndipo Signia ili ndi StreamLine TV. Ngakhale mkati mwa kampani imodzi, mibadwo ya zipangizo imasiyana. TV Connector ya Phonak imagwirizana ndi zipangizo za mtundu wa Marvel, Paradise ndi Lumity, koma zipangizo zakale za kampani yomweyo zimafuna kabokosi kena kotchedwa TVLink pamodzi ndi kachipangizo kovala m'khosi kotchedwa ComPilot. N'chimodzimodzinso ndi Oticon, kumene zipangizo zakale zimadalira TV Adapter 2.0 ndi Streamer Pro ya m'khosi, pamene zatsopano monga Opn ndi More zimalandira mawu molunjika kuchokera ku TV Adapter 3.0.

Choncho yambani mwavula chipangizo chimodzi n'kuchiyang'anitsitsa pamalo owala. Dzina la kampani ndi mtundu wake kawirikawiri zimalembedwa mu zilembo zazing'ono kwambiri kumimba kwa chipangizo kapena mkati mwa kachitseko ka batire, ndipo njira yosavuta yoziwerengera ndiyo kujambula ndi foni kenaka n'kukulitsa chithunzicho. Ngati zilembozo zinafufutika, funsani ku chipatala kumene munalandirira zipangizozo. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri kwa amene analandira zipangizo zoperekedwa mwaulere, pakuti zina mwa izo n'zakale ndipo zilibe mphamvu yolandira mawu popanda waya, kapena zili nayo koma siinatsegulidwe pamene katswiri ankazikonza pa kompyuta. Ku Malawi akatswiri a za kumva amapezeka ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe komanso ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo kuwafunsa musanawononge ndalama n'kwanzeru.

Ngati kabokosiko akukugulirani achibale a ku Johannesburg kapena ku London, atumizireni chithunzi cha dzina lija, osati kungowauza dzina la kampani pakamwa. Akumbutseninso za pulagi: ya ku Britain imalowa bwinobwino m'masoketi a mano atatu a ku Malawi ndi ku Zambia, koma ya ku South Africa ili ndi mano ozungulira ndipo idzafuna adaputala.

Timabokosi totchipa ta Bluetooth togulitsidwa m'masitolo a mafoni sindikulangizani kuti mutidalire. Zipangizo zambiri zothandizira kumva sizilankhulana nato n'komwe, chifukwa zimagwiritsa ntchito njira zapadera zopangidwira iPhone ndi Android, ndipo ngakhale pa zipangizo zimene zimatha kulumikizana nato, monga za Phonak, mawu amafika mochedwa pang'ono moti milomo ya wowerenga nkhani imatsogola, mawu n'kumabwera pambuyo. Munthu wovutika kumva amadalira kwambiri kuyang'ana milomo, ndiye kuchedwa kumeneku kumamusokoneza koposa munthu wina aliyense. Pali njira yatsopano yotchedwa Auracast, imene bungwe loyang'anira Bluetooth linalengeza mu 2022, yomwe imalola kabokosi kamodzi kutumikira zipangizo za makampani osiyanasiyana, koma imagwira pa zipangizo zatsopano zokhazokha, monga ReSound Nexia ya mu 2023 ndi zina zotuluka pambuyo pake.

Kuseri kwa TV

Zimitsani TV, muitembenuze kapena muunike ndi tochi kuseri kwake, ndipo muwerenge mawu olembedwa pambali pa bowo lililonse. Chimene mukufuna ndi bowo lotulutsa mawu, lolembedwa kuti Out. Bowo lililonse lolembedwa kuti In ndi lolowetsera mawu mu TV, ndipo kabokosi kanu sikadzalandirapo kanthu ngakhale chingwe chitalowamo bwinobwino.

Bowo labwino koposa onse ndi lija lolembedwa kuti Optical kapena Digital Audio Out. Ndi laling'ono, la ngodya zinayi koma lodulidwa ngodya ziwiri mbali imodzi, ndipo nthawi zambiri limakhala ndi kachitseko ka pulasitiki kamene kamakankhika mkati polowetsa chingwe. TV ikayaka, mkati mwa bowoli mumaoneka kuwala kofiira, chifukwa mawu amadutsa m'chingwecho ngati kuwala, osati ngati magetsi. Tengani chingwe chopyapyala chimene chabwera ndi kabokosi, ndipo musanachite china chilichonse muyang'ane kunsonga zake zonse ziwiri. Kumakhala tizipewa tating'ono ta pulasitiki, toonekera mkati, toteteza nsongazo ku fumbi, ndipo n'tosavuta kusatizindikira. Tichotseni tonse tiwiri. Mukatisiya, chingwe chimakana kulowa, ndipo mukachikakamiza mukhoza kuthyola kachitseko kaja kapena kusiya kachipewako katatsamira mkati mwa bowo. Linganizani mutu wa chingwe ndi maonekedwe a bowo, pakuti umalowa mbali imodzi yokha, kenaka kankhani pang'onopang'ono mpaka mumve kuti wagwira. Mukatero yatsani TV n'kulozetsa nsonga inayo pachikhatho chanu: mukaona kadontho kofiira, dziwani kuti bowolo ndi chingwe chanu zili bwino. Chingwe chimenechi musachipinde mwamphamvu kapena kuchipanikiza ndi mwendo wa tebulo, chifukwa chikathyokera mkati kuwala sikudutsanso ngakhale kunja chikuoneka chabwinobwino.

Nsonga inayo ilowe m'kabokosi. Pa TV Connector ya Phonak pali bowo limodzi lokha la mawu, lozungulira, limene limalandira chingwe cha kuwalachi komanso chingwe wamba chonga cha mahedifoni, choncho musadabwe kuona kuti nsonga ziwiri za chingwe chanu n'zosiyana maonekedwe. Pa timabokosi ta Oticon pali mabowo awiri ofanana, lina la In ndi lina la Out. Chingwe chochokera ku TV chilowe pa In, ndipo la Out ndi la amene ali ndi sipika yapadera imene inali italanda kale bowo la Optical la pa TV, kuti mawu adutsire m'kabokosi n'kupitirira ku sipikayo.

Ngati TV yanu ilibe bowo la Optical, yang'anani mabowo awiri ozungulira, lofiira ndi loyera, olembedwa kuti Audio Out. Pano mpofunika chidwi, chifukwa pa ma TV ambiri mabowo ofiira ndi oyera amene mungawaone, makamaka akakhala pamodzi ndi lachikasu, ndi olowetsera mawu a dikoda kapena DVD. Maonekedwe ake ndi amodzimodzi, kusiyana kwake kuli pa mawu olembedwawo basi.

Njira yachitatu ndi bowo la mahedifoni la mamilimita 3.5. Limagwira ntchito, koma lili ndi zovuta ziwiri. Pa ma TV ambiri mukangolowetsamo chingwe masipika amatseka, kotero kuti wovala zipangizo amamva yekha ndipo banja lonse limatsala likungoonera zithunzi, zimene zikuphwanya cholinga chenicheni chogulira kabokosi. Komanso mphamvu ya mawu otuluka pa bowoli imatsatira rimoti, moti wina akatsitsa voliyumu mawu a m'makutu nawonso amatsika. Ma TV ena ali ndi posankha kuti masipika ndi mahedifoni zimveke pamodzi, ndipo ngati yanu ili napo, vuto loyambalo latha.

Amene amaonera kudzera pa dikoda ya DStv kapena GOtv ali ndi mwayi wina. Madikoda ambiri ali ndi mabowo ofiira ndi oyera otulutsa mawu, amene amangokhala opanda ntchito ngati chithunzi chikudutsa pa chingwe cha HDMI, ndipo mukhoza kulumikiza kabokosi pamenepo. Dziwani chabe kuti mudzamva zokhazo zochokera pa dikodayo. Mukasinthira ku filimu ya pa fulashi kapena ku YouTube ya pa TV, m'makutu mudzakhala zii. N'chifukwa chake kulumikiza ku TV yeniyeniyo kuli bwino koposa ngati n'kotheka. Zonsezi zikakanika, pali kachipangizo kamene kamaikidwa pakati pa dikoda ndi TV pa chingwe cha HDMI, n'kupatula mawu kuti atulukire pa bowo la Optical kapena pa mabowo ofiira ndi oyera. M'masitolo a zamagetsi muzikafunsa ndi dzina lakuti HDMI audio extractor.

Magetsi ndi malo oika kabokosi

Timabokosi tina, monga ka Phonak, timalandira magetsi pa chingwe cha USB, chimene mukhoza kulowetsa pa tchaja ya pakhoma kapena pa bowo la USB la TV yomweyo. Kugwiritsa ntchito bowo la pa TV kumathandiza kuti kabokosi kaziyaka ndi kuzima pamodzi ndi TV, ndiponso ngati TV yanu imayendera sola kapena batire lalikulu magetsi akazima, kabokosi nako kamapitirira kugwira ntchito popanda kukafunira soketi ina. Timabokosi tobwera ndi tchaja yakeyake tigwiritseni ntchito ndi tchaja yomweyo. Kuthima kwa magetsi sikufufuta kulumikizana kumene mwapanga. Magetsi akabwera kabokosi kamakumbukira zipangizo zanu.

Kabokosiko kakhale kutsogolo kapena pambali pa TV, poonekera kuchokera pampando umene wovala zipangizo amakonda kukhala. Musakabise kuseri kwa TV kapena m'kabati yachitsulo, ndipo musakasanjike pamwamba pa rauta ya intaneti, pakuti nayo imagwiritsa ntchito mafunde a 2.4 GHz omwewo. Opanga amalemba kuti ka Phonak ndi ka Oticon kamafika mamita 15, pamene TV Streamer 2 ya ReSound imafika pafupifupi mamita 7, koma miyezo imeneyi ndi ya pamalo opanda chotchinga. Khoma la njerwa limadula mtundawo kwambiri, ndipo ngakhale thupi la munthu woima pakati likhoza kudukiza mawu kwa kanthawi.

Sinthani mtundu wa mawu otuluka mu TV

Gawo ili ndi lalifupi koma ndi limene limagonjetsa anthu ambiri amene agwiritsa ntchito chingwe cha Optical. TV imatha kutulutsa mawu m'mitundu ingapo, monga PCM, Dolby Digital ndi DTS, ndipo timabokositi sitimva mitundu yonseyi. PCM ndi mtundu umene kabokosi kalikonse kamalandira. Tengani rimoti, lowani pa Settings, pitani pa Sound, ndipo mufufuze mzere wolembedwa kuti Digital Audio Out, Digital Output Format kapena SPDIF, malinga ndi kampani ya TV yanu. Nthawi zina mzerewu umabisika pansi pa Expert Settings kapena Advanced Settings. Mukaupeza, chotsani pa Auto kapena Bitstream n'kuika pa PCM. Chizindikiro chakuti vuto lili pamenepa n'chakuti matchanelo ena amamveka bwino pamene ena, makamaka mafilimu a pa Netflix, amakhala chete kapena amangolira ngati mvula pa malata. Pa TV Connector ya Phonak kanyali kamaphethira kofiira kabokosi kakalandira mtundu wa mawu umene sikaudziwa.

Muli pomwepo, yang'ananinso mzere wa Sound Output. Ma TV ena amatulutsa mawu pa Optical nthawi zonse popanda kusintha kalikonse, ndipo pa amenewa musiye pa TV Speaker. Ena amafuna kuti musankhe, ndipo mukasankha Optical yokha masipika amatseka. Pamenepo funani mzere wophatikiza zonse ziwiri, umene pa ma TV a LG umatchula masipika a mkati ndi Optical pamodzi.

Kudziwanitsa kabokosi ndi zipangizo

Tsopano TV ikhale yoyaka, pa tchanelo chimene pali anthu akulankhula, ndipo kabokosi kakhale koyaka. Ikani mabatire atsopano m'zipangizo zonse ziwiri kapena muzitchaje mokwanira, chifukwa batire lofooka limatha kuyendetsa chipangizo bwinobwino koma n'kulephera kunyamula ntchito yolandira mawu popanda waya. Mukamatula kapepala ka pa batire latsopano, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri musanaliike, kuti mpweya ulowe pa timabowo take ndipo mphamvu ikwanire. Ngati zipangizo zanu n'zolumikizidwa ku foni, zimitsani Bluetooth ya foniyo kwa kanthawi kuti isalowerere.

Pa Phonak zinthu n'zosavuta. Kabokosi kakayatsidwa koyamba kamafunafuna kokha zipangizo zoyaka zimene zili mkati mwa mita imodzi, choncho valani zipangizo zanu, muyandikire, kenaka mulowetse chingwe cha magetsi. Mudzamva kulira kwachidule m'makutu kotsimikiza kuti zatheka. Ngati kabokosiko kanayatsidwapo kale inu muli kutali, dinani batani la kuseri kwake, kanyali kadzayamba kuphethira kabuluu, ndipo muime pafupi kwa masekondi pafupifupi 10.

Pa Oticon ndi Signia, chimene chimayambitsa zonse ndi kuzimitsa zipangizo ndi kuziyatsanso. Za mabatire otaya, tsegulani tizitseko ta mabatire, dikirani masekondi angapo, kenaka mutitseke. Zotchaja, muziike mu tchaja yake n'kuzichotsamo, kapena muzizimitse ndi kuziyatsa pa batani malinga ndi kabuku kake. Mukatero ikani zipangizo zonse ziwiri pamwamba pa kabokosi n'kuzisiya osazigwira. Za Oticon zimakhala zokonzeka kudziwana ndi kabokosi kwa mphindi 3 zokha chiyatsireni, ndipo zikatheka tinyali ta kutsogolo kwa kabokosi timasanduka tabuluu kwa kanthawi. Mukachedwa, muyambirenso pa kuzimitsa.

ReSound imafuna changu pang'ono. Tsegulirani tizitseko ta mabatire pasadakhale, zipangizo zili patebulo pafupi ndi kabokosi. Dinani kamodzi batani lolumikizira la kuseri kwa kabokosi. Kanyali kachikasu ka nambala 1 kadzayamba kuphethira, ndipo muli ndi masekondi 20 oti mutseke tizitseko tonse tiwiri. Zikatheka, m'zipangizomo mumalira kanyimbo kachidule. Chenjezo lofunika pa zipangizo za kampaniyi ndi lakuti kutsegula ndi kutseka kachitseko katatu motsatizana mkati mwa masekondi 10 kumaika chipangizo pa dongosolo la m'ndege, limene limatseka kulandira kulikonse kopanda waya. Munthu amene wakhumudwa chifukwa ulendo woyamba wakanika amayamba kutsegula ndi kutseka mopupuluma, ndipo mosadziwa amadzitsekera yekha njira. Zikatero, siyani chipangizocho chili choyaka kwa theka la mphindi, mutsegule ndi kutseka kamodzi kokha, n'kudikiranso musanayesere.

Kwa agogo amene zala zawo zinalimba kapena maso sakuona bwino tinthu tating'ono, ndi bwino kuti mwana kapena mdzukulu achite gawo ili, patebulo loyalidwa nsalu kuti batire likagwa lisagubuduzike n'kusowa. Mabatire amenewa ndi oopsa kwambiri mwana wamng'ono akawameza, choncho lililonse limene lagwa lipezeke nthawi yomweyo. Kudziwanitsaku kumachitika kamodzi kokha. Ngati m'nyumba muli anthu awiri ovala zipangizo za kampani imodzi zogwirizana ndi kabokosiko, bwerezani ndondomeko yomweyi kwa wachiwiriyo, ndipo onse adzamvera pa kabokosi kamodzi.

Kuyamba kumvetsera ndi kulinganiza mawu

Zipangizo za Phonak kawirikawiri zimayamba zokha kulandira mawu TV ikangoyamba kulankhula ndipo inu muli pafupi. Pa Oticon, TV imakhala ngati pulogalamu yowonjezera, kutanthauza imodzi mwa njira za kamvedwe zimene chipangizo chimasunga, imene mumaifikira podina batani losinthira mapulogalamu. Pa ReSound mumadina batani la pa chipangizo n'kuligwira kwa masekondi pafupifupi 3 mpaka mutamva kanyimbo. Amene ali ndi foni yamakono angachite zonsezi mosavuta pa pulogalamu ya pa foni ya kampani yawo, monga myPhonak, Oticon Companion, ReSound Smart 3D kapena Signia App.

Chotsatira n'chimene chimasiyanitsa kulumikiza chabe ndi kulumikiza bwino. Zipangizo zikamalandira mawu a TV, timaikolofoni take timapitirizabe kutola mawu a m'chipinda, ndipo wovala akhoza kusankha kuti mbali iti ikule. Pa Phonak, kudina kumtunda kwa batani pamene mukulandira mawu kumakweza TV n'kuchepetsa za m'chipinda, ndipo kudina kumunsi kumachita zosiyana. Pa makampani ena mumasintha pa foni. Yambani ndi mlingo wapakati, banja liike voliyumu ya TV pamene limaikonda, kenaka wina akhale pambali panu n'kukulankhulani ndi mawu a masiku onse. Ngati mukumva TV bwino komanso mukumva funso la mnzanuyo osatembenuka, mwapeza mlingo woyenera. Ine ndimaona kuti kutsekeratu timaikolofoni, ngakhale kumapereka mawu oyera kwambiri, sikoyenera madzulo pamene banja lili pamodzi, chifukwa munthu amene timafuna kuti abwerere m'macheza timamutsekeranso kwayekha mwa njira ina. Sikoyeneranso kwa amene ali yekha m'nyumba ndi mwana wamng'ono, kapena amene wasiya mphika pamoto, kapena akuyembekeza odi pakhomo.

Mukamamva mawu kawiri, ngati kuti wolankhula akubwerezedwa, ndiye kuti mawu a kabokosi ndi a masipika akufika nthawi zosiyana. Izi zimachitika kwambiri kabokosi kakalumikizidwa ku dikoda, chifukwa TV imachedwetsa pang'ono chithunzi ndi mawu ake pamene ikuzikonza. Tsitsani voliyumu ya masipika pang'ono, kapena fufuzani pa Sound mzere wa Audio Delay kapena AV Sync n'kusintha pang'onopang'ono mukuyang'ana milomo ya wolankhula.

Zikakanika

Fufuzani potsatira njira imene mawu amayenda, kuyambira ku TV kukathera kukhutu, ndipo musinthe chinthu chimodzi pa nthawi. Onani ngati kanyali ka magetsi pa kabokosi kayaka. Zulani chingwe cha Optical kumbali ya kabokosi muone ngati kadontho kofiira kaja kalipo. Ngati palibe, vuto lili pa TV kapena pa chingwe, ndipo zipangizo zanu zilibe mlandu. Ngati kuwala kulipo koma mawu palibe, bwererani pa PCM. Ngati munalumikiza pa mabowo ofiira ndi oyera, werenganinso ngati alembedwa kuti Out. Pokhapokha zonsezi zitakhala bwino m'pamene muyenera kubwereza kudziwanitsa kuja.

Mawu akamamveka khutu limodzi lokha, kawirikawiri chipangizo chimodzi sichinadziwane ndi kabokosi kapena batire lake lafooka. Koma musaiwale chinthu wamba: phula la m'khutu likatseka kasefa ka kunsonga kwa chipangizo, kapena m'kapaipi mukalowa kadontho ka thukuta, mawu a mtundu uliwonse sadutsa. Vulani chipangizocho, muchifumbate m'dzanja chili choyaka, ndipo ngati sichikulira mluzu monga chimachitira nthawi zonse, chipukuteni ndi kuchotsa phulalo kaye musanakayikire kabokosi. Mawu odukaduka amasonyeza mtunda wautali, chotchinga pakati, kapena rauta imene yayandikana kwambiri ndi kabokosi. Ndipo ngati foni yanu yolumikizidwa ku zipangizo yalira pamene mukuonera, mawu a TV amaima kuti mulandire foniyo. Pa zipangizo zina amabwerera okha mukamaliza, pa zina muyenera kusankhanso pulogalamu ya TV.

Yembekezeraninso kuti mabatire azitha msanga kusiyana ndi kale, chifukwa kulandira mawu popanda waya kumadya mphamvu yambiri. Ogwiritsa ntchito mabatire ang'ono a nambala 312, a kapepala kabulauni, ndi amene amaona kusiyanaku msanga kuposa a nambala 13 kapena 675. Mukamaliza kuonera, bwererani pa pulogalamu ya masiku onse.

Ngati zipangizo zanu zilibe njira yolandirira kabokosi

Zipangizo zambiri zokhala kuseri kwa khutu, ngakhale zakale, zili ndi kakoyilo kakang'ono mkati kamene kamatola mawu kuchokera ku waya wozungulira, ndipo pulogalamu yake imadziwika ndi chilembo T. Pa zina pali kaswitchi kolembedwa T kapena MT, pa zina katswiri ayenera kuitsegula pa kompyuta. Ngati zanu zili nayo, mukhoza kugula zomvera TV zopanda waya zimene wolandira wake ndi chingwe chovala m'khosi, zomwe m'masitolo zimatchedwa neckloop. Kabokosi kake kamalumikizidwa kuseri kwa TV monga momwe tafotokozera, pa bowo la Out komanso ndi PCM, inu mumavala chingwecho m'khosi ngati mkanda, n'kuika zipangizo pa T. Njira imeneyi siyang'ana kampani ya zipangizo zanu ndipo siidya mabatire ake mowonjezera, pakuti ntchito yolandira imachitidwa ndi cha m'khosicho, chimene chimatchajidwa pachokha. Mawu ake amamveka chimodzimodzi m'makutu onse awiri, ndipo mukakhala pafupi kwambiri ndi zinthu zina zamagetsi, monga invetala ya sola kapena TV yakale ya chimsana, mukhoza kumva kung'ung'uza. Kusuntha mpando pang'ono kumachepetsa vutoli. Ngati pali mwayi wosankha, pemphani katswiri akuikireni MT m'malo mwa T yokha, chifukwa pa MT timaikolofoni timakhalabe totsegula ndipo mumamva TV pamodzi ndi anthu amene mwakhala nawo.